Zilombo zimene ambiri amati anaziona koma palibe anazigwira: zoona zake zimadziwika bwanji?

Kumapeto kwa Ogasiti 2023, anthu mazanamazana anasonkhana m'mbali mwa nyanja ya Loch Ness ku Scotland. Ena anali ndi zoonera patali, ena ankaulutsa madroni okhala ndi makamera ozindikira kutentha kwa thupi, pomwe ena anali m'boti kumvetsera phokoso la pansi pa madzi. Ankasaka chilombo cha khosi lalitali chimene mbiri yake inayamba kuwanda m'nyuzipepala mu 1933. Patatha masiku awiri anabalalika opanda umboni wogwirika.

Chaka chomwecho, kagulu kakang'ono ka akatswiri ndi anthu a m'deralo kanatchera makamera 80 m'nkhalango za mapiri a Cyclops ku Papua, m'dziko la Indonesia. Iwo ankafuna mtundu wina wa echidna, kanyama ka minga pamsana ndi mlomo wautali, kamene kamaikira mazira koma n'kumayamwitsa ana ake. Asayansi anali ndi kamodzi kokha kakufa, kotoledwa mu 1961. Atayang'ana zithunzi za m'kamera yotsiriza, tsiku lomaliza la ulendo wawo, anakaona kakudutsa ndi miyendo yake inayi.

Magulu onse awiriwa ankafuna nyama imene sayansi inali isanaionepo ili moyo. Nanga bwanji ntchito ya gulu lina imalemekezedwa, pomwe ya gulu linalo ambiri amaikayikira? Funsoli limabwerera nthawi iliyonse pamene kavidiyo kosaoneka bwino kayamba kuzungulira m'mafoni, wina n'kumati "asayansi akubisa", wina n'kumati "zonsezi ndi nthano". Nkhaniyi ili ndi mbali zambiri kuposa pamenepo.

Mawu awiri ofunika kuwamvetsa

Ntchito yofufuza nyama zimene anthu amazitchula koma umboni wake sunapezeke imatchedwa cryptozoology. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi maphunziro a nyama zobisika. Nyama yoteroyo payokha amaitcha cryptid. Munthu amene anatchukitsa ntchitoyi ndi Bernard Heuvelmans, katswiri wa za nyama amene anakulira ku Belgium. Mu 1955 iye anatulutsa buku losonkhanitsa nkhani za nyama zosadziwika zochokera m'maiko ambiri, ndipo mfundo yake inali yakuti anthu ophunzira amafulumira kunyoza zonena za alenje ndi asodzi.

Chisokonezo chimayambira pakuti dzina limodzili limaphimba zinthu zosiyana kwambiri. Muli nyama zimene zinalipodi koma zikuganiziridwa kuti zinatha posachedwapa. Muli nyama zodziwika bwino zimene zaonedwa kumalo kumene siziyenera kupezeka, monga amphaka akuluakulu akutchire amene anthu amati amawaona kumidzi ya ku Britain. Kumeneko mu 1980 mlimi wina wa ku Scotland anakoladi puma wamoyo, ndipo zinkaoneka kuti anali woweta amene wina anamutaya. Ndiyeno muli zilombo zotchuka zija: Bigfoot wa ku North America, amene amati ndi chinyani chachikulu choyenda ndi miyendo iwiri, Yeti wa kumapiri a Himalaya, chilombo cha ku Loch Ness, ndi Mokele-mbembe wa m'madambo a ku Congo. Kuika zonsezi m'thumba limodzi kumachititsa kuti umboni wa gulu lina uzioneka ngati ukuthandiza gulu linalo, pamene sizili choncho.

Mayunivesite saphunzitsa cryptozoology ngati nthambi ya sayansi. Akatswiri ambiri a za nyama amati vuto lake ndi lakuti imayamba ndi yankho kenako n'kumafunafuna umboni woligwirizira. Osaka zilombowo amayankha kuti sayansi yadabwitsidwapo kambirimbiri. Pa mfundo imeneyi akunena zoona, ndipo ndi bwino kuona mmene kudabwako kunachitikira.

Nyama zimene zinapezekadi

Chitsanzo chimene osaka zilombo amachikonda kwambiri ndi okapi. Anthu a mtundu wa Mbuti a m'nkhalango ya Ituri ku Congo ankaidziwa nyamayi kuyambira kalekale, koma Azungu ankangomva mphekesera za "bulu wa m'nkhalango". Mu 1900 Harry Johnston anapita kukaifuna. Omuperekeza anamuonetsa mapazi a ziboda zogawanika pakati, iye n'kukana kuwalondola chifukwa m'mutu mwake anali atatsimikiza kale kuti akufuna nyama ya mtundu wa kavalo. Anabwerako ndi timalamba tiwiri ta chikopa cha mizeremizere, ndipo ku London anayamba aganiza kuti ndi mtundu watsopano wa mbidzi. Chikopa chathunthu ndi zigaza ziwiri zitafika mu 1901, zinadziwika kuti nyamayi ndi m'bale wake wa kadyamsonga. Eni nkhalango aja ndi amene ankalondola, mlendo wophunzirayo ndiye anasochera ndi maganizo ake.

Nkhani ya nsomba yotchedwa coelacanth ndi yochititsa chidwi kuposa pamenepa. Asayansi ankaidziwa kudzera m'zotsalira zake za m'miyala basi, ndipo ankakhulupirira kuti inatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Pa 22 Disembala 1938, Marjorie Courtenay-Latimer, amene ankayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ku East London m'dziko la South Africa, anaitanidwa kudoko kukaona nsomba zimene sitima ina inakola. Pamulu wa nsombazo anaona chinsomba chobiriwira ngati thambo, chotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, cha zipsepse zonenepa ngati timiyendo. Anachijambula pa pepala n'kutumiza kwa katswiri wa nsomba J.L.B. Smith, amene anatsimikiza chimene chinali. Smith anasaka yachiwiri kwa zaka 14, mpaka anamwaza timapepala tolonjeza mphotho ya mapaundi 100. Inapezeka mu 1952 kuzilumba za Comoros, kumene asodzi ankaidziwa kale ndi dzina lakuti gombessa.

Gorila wa kumapiri anadziwika ku sayansi mu 1902, msilikali wa ku Germany Robert von Beringe atawombera awiri pa phiri la Sabyinyo, m'malire a Rwanda, Uganda ndi Congo. Saola, nyama ya nyanga zazitali zowongoka ya m'malire a Vietnam ndi Laos, inadziwika mu 1992 ofufuza ataona zigaza zake zitapachikidwa m'nyumba za alenje ku Vu Quang. Nyama yaikulu ya m'nyanja ya miyendo khumi, giant squid, imene amalinyero ankaisimba ngati chilombo, inajambulidwa koyamba ili moyo m'madzi akuya mu 2004 kufupi ndi Japan, ngakhale kuti mitembo yake inali itakhala ikukokolokera kugombe kwa zaka zambirimbiri.

Mukaziika pamodzi nkhanizi, zinthu ziwiri zimaonekera. Choyamba, kawirikawiri anthu okhala pafupi ndi nyamayo amakhala akuidziwa kale, ndipo amaitchula ngati nyama wamba: imadya chakuti, imapezeka nyengo yakuti, nyama yake imakoma kapena ayi. Chachiwiri, ofufuza atangopita pamalo oyenera, panapezeka chinthu chogwirika ndi manja: chikopa, chigaza, nyanga, mtembo. Okapi sanatenge zaka 60 za zithunzi zosaoneka bwino. Anatenga miyezi yowerengeka chabe kuchokera pamene munthu anapita kukamufuna mwakhama.

Tisaiwalenso kuti kupeza zamoyo zatsopano si chinthu chachilendo. Chaka chilichonse asayansi amalemba mitundu yatsopano yoposa 15,000, koma yochuluka ndi tizilombo ting'onoting'ono, zomera ndi zamoyo za m'nyanja. Nyama zikuluzikulu za pamtunda zimapezeka mwa apo ndi apo.

Umboni umene umafunika, ndi chifukwa chake

Kuti nyama ipatsidwe dzina la sayansi, mwambo wake ndi wakuti pakhale chitsanzo chimodzi chosungidwa pamalo odziwika, chimene amachitcha holotype. Chikhoza kukhala thupi lonse, chikopa, kapena mafupa. Cholinga chake n'chakuti katswiri wina, ngakhale patapita zaka 100, athe kupita kukachiyeza yekha n'kunena kuti woyamba uja analondola kapena analakwitsa. Okapi uja anachoka m'gulu la mbidzi chifukwa zigaza zinalipo zoti anthu aziunike.

Zili ngati mlandu wa kuba. Mboni imene ikuti "ndinamuona usiku akuthawa" imamvedwa, ndipo mawu ake angachititse kuti kufufuza kuyambe. Koma woweruza wanzeru amafunanso katundu wobedwayo, kapena chizindikiro china chimene sichidalira maso a munthu mmodzi. Mboni zikachuluka koma katundu osapezeka chaka ndi chaka, mlandu sulimba, umangotalika. Anthu amakonda kunena kuti utsi sufuka popanda moto, ndipo n'zoona kuti anthu zikwizikwi amene amati anaona Bigfoot anaonadi chinachake. Chofunika kudziwa ndi chimene chikuyakacho.

Nyama siikhala yokha

Mfundo imene anthu ambiri amaiphonya ndi iyi. Tikamati "chilombo cha ku Loch Ness" timakamba ngati ndi chimodzi, koma palibe nyama imene imakhala zaka mazanamazana popanda kuswana. Ngati chilipo lero, ndiye kuti chili ndi amake, abambo ake, ndi makolo a makolo ake kubwerera m'mbuyo osadukiza. Akatswiri osamalira zachilengedwe ali ndi muyezo wakale wongoyerekezera, wa mu 1980, wakuti pamafunika nyama zoswana zosachepera 50 kuti mtundu usafooke msanga chifukwa chokwerana pachibale, ndi pafupifupi 500 kuti upitirire kwa nthawi yaitali. Ambiri lero amati manambalawa ndi ochepa. Choncho funso lenileni ndi lakuti kodi gulu lonse la nyama zoterozo lingabisale.

Gulu la nyama limadya, limachita ndowe, limathothoka ubweya, limadwala, limafa. Ku Florida kuli mtundu wa puma umene watsala pang'ono kutha, ndipo akuluakulu ake akuyerekezedwa kuti ali pakati pa 120 ndi 230 basi. Ndi nyama yochenjera, yoyenda usiku, imene anthu ambiri okhala komweko sanaionepo. Komabe chaka chilichonse ena amagundidwa ndi magalimoto, zaka zina oposa 20, ndipo mitembo yawo imatoledwa n'kuyezedwa. Bigfoot amanenedwa kuti waonedwa pafupifupi m'zigawo zonse za United States, nthawi zambiri akuwoloka msewu, koma palibe ngakhale mmodzi amene anatoledwa pamsewupo.

Okhulupirira amayankha kuti m'nkhalango zachinyezi mtembo suchedwa kutha: zilombo zodya zakufa zimamwaza mafupa, dothi la asidi limawasungunula, ndipo ngakhale mtembo wa chimbalangondo supezeka wamba. Zimenezi n'zoona ndithu. Kungoti mafupa a zimbalangondo, ngakhale ndi osowa kuthengo, adzaza m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, chifukwa pa zaka zambiri mwayi umapezeka ndithu.

Ku Loch Ness kuli vuto linanso la msinkhu wa nyanjayo ndi chakudya. Nyanjayi ndi yaitali makilomita pafupifupi 36 ndipo kuya kwake kumafika mamita 230, choncho malo obisalamo alipo, makamaka poti madzi ake ndi oderapo chifukwa cha zomera zowolerana zochokera m'mapiri. Koma mpaka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo dera lonselo linali pansi pa madzi oundana. Nyama yakale ya khosi lalitali yotchedwa plesiosaur, imene anthu amaifanizira ndi chilombochi, inatha limodzi ndi madainoso, zilombo zazikulu zakale, zaka 66 miliyoni zapitazo, ndipo inkapuma mpweya, kutanthauza kuti bwenzi ikutumphukira pamwamba kambirimbiri tsiku lililonse. Madzi a nyanjayi ndi ozizira ndiponso osauka pa chakudya. M'chilengedwe, mphamvu imene imachoka pa chodyedwa kupita kwa wodya ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, choncho nsomba zochepa sizingadyetse banja la zilombo zolemera matani angapo chilichonse.

Maso amaona pang'ono, ubongo umamalizitsa

Munthu woona mtima angathe kulakwitsa, ndipo kunena zimenezi si kumunyoza. Ubongo wathu unazolowera kupeza nkhope ndi matupi ngakhale pamene palibe, monga timaonera nkhope m'mitambo kapena munthu woimirira pa chitsa usiku. Chizolowezi chimenechi chimatchedwa pareidolia, ndipo chinathandiza makolo athu: kuthawa chitsa poganiza kuti ndi mkango kuli bwino kusiyana ndi kuyandikira mkango poganiza kuti ndi chitsa.

Pamadzi aakulu palibe choyerekezera kukula kwa chinthu. Mbalame yosambira, chipika choyandama, kapena mafunde osiyidwa ndi boti limene ladutsa kale zingaoneke ngati linunda la chilombo. M'nkhalango, chimbalangondo chakuda chimatha kuimirira ndi miyendo iwiri, ndipo chikavulala miyendo yakutsogolo chimayenda choncho kamtunda ndithu. Ofufuza atayerekeza malo amene Bigfoot amanenedwa ndi malo okhala zimbalangondozi, mu 2009 komanso mu 2024, anapeza kuti zikugwirizana kwambiri. Izi sizikutanthauza kuti aliyense anaona chimbalangondo, koma zikusonyeza kumene kufufuza kuyenera kuyambira.

Matenda nawo amasintha maonekedwe a nyama. Mu 1995 ku Puerto Rico kunabuka mbiri ya chupacabra, kutanthauza "woyamwa mbuzi", chilombo chimene ankati chimapha ziweto n'kuzimwa magazi. Patapita zaka, alimi a ku Texas anayamba kupha kapena kutola nyama zopanda ubweya, za khungu lotuwa lokhakhala ndi mano otulukira kunja, n'kumati ndi chimenecho. Zitayezedwa, zambiri zinapezeka kuti ndi agalu kapena coyote, nyama yonga nkhandwe, zodwala mphere yoopsa. Nyama yofooka choncho siingathamangitse nyama zakutchire, n'chifukwa chake imalowerera makola a ziweto.

Palinso kukumbukira. Chimene munthu anaona kwa masekondi atatu amachisimba kwa zaka 30, ndipo akamva nkhani za ena kapena kuona zojambula, chikumbukiro chake chimasintha pang'onopang'ono iye osadziwa.

Achinyengo anaipitsa madzi

Zikanakhala zolakwitsa za maso zokha, bwenzi nkhaniyi ili yosavuta. Koma maumboni ena otchuka kwambiri anachita kupangidwa. Kumapeto kwa 1933 nyuzipepala ya Daily Mail inatuma mlenje Marmaduke Wetherell ku Loch Ness, ndipo iye analengeza kuti wapeza mapazi akuluakulu m'mbali mwa nyanja. Akatswiri a ku Natural History Museum ku London atawaunika anapeza kuti onse anadindidwa ndi phazi limodzi louma la mvuu. Mu Epulo 1934 nyuzipepala yomweyo inasindikiza chithunzi cha mutu ndi khosi zikutuluka m'madzi, chimene ankati anajambula ndi dokotala wolemekezeka Robert Kenneth Wilson. Chithunzicho chinakhala chizindikiro cha chilombochi kwa zaka 60. Mu 1994 zinaululika kuti chinali choseweretsa cha ana, kasitima koyenda pansi pa madzi, komatidwa mutu wopanga, ndipo Wetherell yemwe uja anali m'gulu lokonza chiwembucho.

Dzina lakuti Bigfoot linatchuka mu 1958 pamene ogwira ntchito yolambula msewu ku Bluff Creek, California, anapeza mapazi akuluakulu pafupi ndi makina awo. Mwini kampani yawo, Ray Wallace, atamwalira mu 2002, achibale ake anaonetsa mapazi osema a mtengo n'kunena kuti iye ndiye ankadinda. Mu 2008 amuna awiri a ku Georgia, ku United States, anaonetsa atolankhani zithunzi za "mtembo" uli m'firiji, ndipo madzi oundana atasungunuka chinapezeka kuti ndi chovala cha labala.

Kanema wotchuka kwambiri, wojambulidwa ndi Roger Patterson ali ndi Bob Gimlin pa 20 Okutobala 1967 ku Bluff Creek komweko, akadali pa mkangano. Ndi wosakwana mphindi imodzi, ndipo amaonetsa chinthu chaubweya chikuyenda n'kutembenuka kuyang'ana kamera. Munthu wina anadzanena poyera kuti ndiye anavala chovalacho, koma chovalacho sichinaonetsedwe motsimikizika. Ena amati kayendedwe ndi minofu yake munthu sangathe kutsanzira, ena amati angathe. Kwa ine, phunziro la kanemayu ndi lakuti chithunzi pachokha sichithetsa mlandu. Anthu akhala akumuunika zaka zoposa 50 ndipo aliyense amatulukamo ndi chimene analowa nacho. Masiku ano, pamene kompyuta imatha kupanga vidiyo ya nyama imene kulibe m'mphindi zochepa, mphamvu ya chithunzi yatsikiratu.

Zida zimene zasintha kasakidwe

Chida choyamba ndi kamera yotchera ngati msampha. Amaimangirira pamtengo m'njira ya nyama, ndipo imajambula yokha ikazindikira chinthu chofunda chikuyenda, usana ndi usiku, kwa miyezi. Siitopa, siichita mantha, ndipo siinamvepo nthano iliyonse. Ku Laikipia m'dziko la Kenya anthu ankanena kwa nthawi yaitali kuti kuli kambuku wakuda bii. Makamera oterewa atatcheredwa mu 2018 anamujambula bwinobwino, ndipo nkhani inatha pomwepo. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kamerayi ili ndi kudekha kumene munthu alibe. Alenje ndi ofufuza atchera makamera otere ochuluka zedi m'nkhalango za North America, ndipo ajambula ngakhale nyama zosowa kwambiri, koma Bigfoot sanaonekemo momveka.

Chachiwiri ndi DNA, malangizo a chibadwa amene ali m'maselo a chamoyo chilichonse ndipo amasiyana mtundu ndi mtundu. Katsitsi kamodzi kangathe kuulula mwini wake. Mu 2014 Bryan Sykes wa ku Oxford anatulutsa zotsatira za ubweya umene anthu a m'maiko osiyanasiyana anamutumizira ponena kuti ndi wa Yeti, Bigfoot ndi zina zotero. Zitsanzo 30 zimene zinawerengeka zinali za nyama zodziwika monga zimbalangondo, akavalo, ng'ombe, agalu kapena mimbulu, ndipo chimodzi chinali tsitsi la munthu. Mu 2017 Charlotte Lindqvist wa ku University at Buffalo anayeza zinthu 9 zonenedwa kuti ndi za Yeti, monga fupa, dzino, chikopa ndi ndowe. Zinthu 8 zinali za zimbalangondo za ku Asia, chimodzi cha galu. Chosangalatsa n'chakuti kafukufuku ameneyu anathandiza kumvetsa mbiri ya chimbalangondo chofiirira cha ku Himalaya, nyama yosowa imene inali isanafufuzidwe mokwanira. Kale zida zimenezi zisanabwere, chikopa cha pamutu pa "Yeti" chosungidwa ku Khumjung ku Nepal, chimene wokwera mapiri wotchuka Edmund Hillary anapita nacho kwa akatswiri mu 1960, chinapezeka kuti chinapangidwa ndi chikopa cha serow, nyama yonga mbuzi ya m'mapiri.

Chida chachitatu ndi chodabwitsa kwambiri. Chamoyo chilichonse chimasiya tizidutswa ta khungu, mamina, mkodzo ndi ndowe pamene chadutsa, ndipo tizidutswato timakhala ndi DNA. Asayansi amatunga madzi kapena kutapa dothi, kusefa, n'kuwerenga kuti ndani wadutsapo. Njirayi imatchedwa eDNA. Zili ngati kulowa m'nyumba yopanda anthu n'kudziwa amene amagonamo poona tsitsi lotsalira pa chipeso. Mu 2018 Neil Gemmell wa ku University of Otago ku New Zealand anatunga madzi malo 250 m'nyanja ya Loch Ness, pamwamba ndi pansi pomwe. Zotsatira zake mu Seputembala 2019 zinaonetsa kuti mulibe DNA ya nyama ya m'gulu la abuluzi ndi ng'ona, koma muli yambiri ya nsomba za mkunga. Njirayi siuza kukula kwa nyama, choncho iye sanathe kutsutsiratu zakuti mwina muli mkunga waukulu modabwitsa, ngakhale kuti palibe amene anaugwirapo.

Njira yomweyi inabweretsa uthenga wabwino kwina. Ku Port Nolloth m'dziko la South Africa, ofufuza anatapa mchenga m'tinjira ta pansi n'kutsimikiza mu 2023 kuti kanyama konga mfuko kotchedwa De Winton's golden mole, kamene kanali kasanaonedwe kwa zaka zoposa 80, kakadalipo. Komabe eDNA ili ndi malire. DNA imaonongeka ndi dzuwa ndi kutentha pakapita masiku kapena masabata ochepa, ndipo kuti uzindikire mwini wake umafunika chofananitsira. Kusapeza sikutsimikizira kuti kulibe, kumangochepetsa mpata.

Kufunsa kwabwino ndi kufunsa kosocheretsa

Nkhani ya Mokele-mbembe ikuonetsa vuto lina. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 alendo ochokera ku Ulaya ankalemba za chilombo cha m'mitsinje ya ku Congo, ndipo posakhalitsa anayamba kuchifanizira ndi dainoso wa khosi lalitali, pa nthawi imene mafupa a madainoso anali atangotchuka kwawoko. Roy Mackal wa ku University of Chicago anatsogolera maulendo awiri kudera la Likouala mu 1980 ndi 1981, ndipo magulu ena ambiri atsatira mpaka kukafika ku nyanja ya Tele. Palibe fupa, chikopa kapena chithunzi chomveka chimene chinabwerako.

Mlendo akafika pamudzi ndi buku la zithunzi n'kuloza dainoso, akufunsa kudzera mwa womasulira kuti "munachionapo ichi?", yankho limene angalandire silingadaliridwe. Wofunsidwayo angavomere mwaulemu, angakhale akunena za mzimu wa mtsinje umene kwa iye si nyama yoti n'kuikola, kapena angakhale akukumbukira nyama ina. Ofufuza ena amaganiza kuti m'nkhanizi muli chikumbukiro cha chipembere. Kafunsidwe kabwino n'kosiyana: umamusiya mlenje atchule yekha nyama zonse za m'dera lake, umasakaniza zithunzi za nyama zakomweko ndi za kutali kuti uone ngati akusiyanitsa, ndipo umafunsa za zisa, kulira ndi nyengo. Ndi mmene ofufuza anapezera njiwa yaikulu yotchedwa black-naped pheasant-pigeon pachilumba cha Fergusson ku Papua New Guinea mu 2022, imene sayansi inali isanailembenso kuyambira 1882. Mlenje wa komweko, amene ankaidziwa ndi dzina lakuti auwo, ndiye anawalozera mapiri oyenera kutcherako kamera.

Pamene nkhaniyi imakhudza moyo wa nyama zenizeni

Wina angafunse kuti zili ndi kanthu kanji ngati anthu akusangalala ndi kusaka zilombo kumapeto kwa sabata. Kwa ambiri ndi njira yokhalira kutchire, kuphunzira mapazi ndi kulira kwa mbalame, ndipo madera ngati Loch Ness amapindula ndi alendo. Chigawo cha Skamania ku Washington, m'dziko la United States, chinafika pokhazikitsa lamulo mu 1969 loletsa kupha Bigfoot, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kuopa kuti anthu onyamula mfuti m'nkhalango angawomberane.

Kulemera kwenikweni kwa nkhaniyi kuli pa nyama zimene zili m'malire a kutha. Thylacine wa pachilumba cha Tasmania ku Australia anali nyama yonga galu, ya mizere pamsana, yolera ana m'thumba la pamimba. Boma la kumeneko linalipira anthu pa nyama zoposa 2,000 zimene anapha pakati pa 1888 ndi 1909 poiganizira kuti imagwira nkhosa. Lamulo loiteteza linabwera mu Julayi 1936, ndipo yomaliza yodziwika inafera kumalo osungirako nyama ku Hobart pa 7 Seputembala chaka chomwecho. Mpaka lero anthu amati amaiona. Ku United States mkangano wonga womwewu uli pa gogomole wamkulu wotchedwa ivory-billed woodpecker, amene kuonedwa kwake komaliza kosatsutsika kunali mu 1944, ngakhale kuti kavidiyo ka mu 2004 ku Arkansas kanadzutsa chiyembekezo chachikulu.

Apa kulakwitsa kumapweteka mbali zonse ziwiri. Ukalengeza msanga kuti nyama yatha, nkhalango yake imasiya kutetezedwa. Zinachitikira kambalame ka pachilumba cha Cebu ku Philippines, kamene kanaganiziridwa kuti kanatha kwa zaka zambiri mitengo ikugwetsedwa, mpaka kanapezekanso mu 1992 m'kachigamba kakang'ono ka nkhalango kotsala. Ukapitiriza kusaka nyama imene inathadi, ndalama ndi anthu zimachoka kwa nyama zina zimene zikanapulumuka. N'chifukwa chake bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, silinena kuti mtundu watha pokhapokha malo ake onse atafufuzidwa mokwanira, pa nyengo zoyenera, mpaka pasakhalenso chikayiko chomveka.

Saola ija ili pakati penipeni pa zonsezi. Kuti ilipo kapena inalipo palibe amene amatsutsa, poti zigaza ndi zikopa zake zili m'manja mwa asayansi, ndipo zingapo zinagwidwapo zamoyo ndi anthu a m'midzi koma sizinakhalitse. Komabe palibe katswiri wa za nyama amene anaionapo ndi maso ake ili kutchire. Chithunzi chake chomaliza chinajambulidwa ndi kamera yotchera m'chigawo chapakati cha Vietnam mu 2013. M'mapiri a Annamite momwe imakhala mwadzaza misampha ya waya yotcheredwa nyama zina, imene siisankha chogwira. Ofufuza akuifunafuna potunga madzi a m'timitsinje, poyeza ndowe, ngakhalenso potola misundu ya m'nkhalango kuti aone magazi a nyama zimene misunduyo yayamwa.